Impact yoyamba ya pakhomo: ya batire, ya mpweya kapena ya kukhoma?

Allion_Chilenje
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndikufuna kugula impact wrench yoyamba, chida chija chomasulira ndi kumangira manati momenyamenya, ya pakhomo basi, osati ya bizinesi. Magalimoto ndi awiri, Toyota Allion ndi Honda Fit ya mayi akunyumba. Ntchito zake ndi kuchotsa matayala, kusintha ma pad a mabuleki, ma shock, mwinanso CV joint ikayamba kulira pokhota. M'mashopu a ku Kamwala kuno ku Lusaka muli zolembedwa 350 Nm (muyezo wa mphamvu yopotokola nati), zina 800 Nm, ina batire lake analemba 388V, koma yamanambala akuluakuluyo ndiye yotchipa. Nditenge yotani? Ndipo mphamvu yokwanira ndi ingati?

Sipanala21
Ya batire, ya hafu inchi kunsonga kolowa soketi, ya mphamvu yapakati. Ya 388V ija isiyeni pa shelefu pomwepo.

MakanikaMatero
Tiyambire pa manati omwe mukufuna kumasulawo, ndi amene akuuzeni chida chogula.

Nati ya tayala pa Allion imamangidwa pa 103 Nm, soketi yake ndi 21. Pa Fit ndi 108 Nm, soketi 19. Amenewo ndi manambala omangira. Pomasula pamafunika mphamvu yoposa, chifukwa natiyo yamwa madzi a dzinja, yagwira dzimbiri, ndipo nthawi zambiri womaliza kuimanga anali mnyamata wa pomatira matayala ataponda payipi ndi thupi lonse. Nati yotereyi ingafune kawiri kapena katatu mphamvu ya m'buku isanasunthe.

Kenako pali nati ya pakati pa hub (pomwe tayala limamangidwira), yomwe imagwira CV joint. Pa Toyota zazing'onozi imamangidwa pa 216 Nm. Mabawuti awiri ogwira shock kumunsi nawonso amapitirira 150 Nm, ndipo amakhala pamalo pomwe matope onse amafikira.

Ndiye impact yaing'ono ya 280 mpaka 350 Nm idzachotsa matayala ndi mabuleki bwinobwino, koma pa hub idzangolira osasuntha kanthu. Ya 600 mpaka 700 Nm imagwira zonse mwatchulazi. Zazikulu za 1000 Nm kupita m'mwamba zimalemera kuposa makilogalamu 3 zikakhala ndi batire, ndipo mutu wake sulowa kuseri kwa hub kapena pakati pa shock ndi bodi.

Allion_Chilenje
Zikomo akulu. Koma pa bokosi limodzi ndikuona manambala awiri a Nm. Ndikhulupirire iti?

MakanikaMatero
Ina ndi yomangira, ina ndi yomasulira, ndipo yomasulira ndiyo imakhala yaikulu. Mwachitsanzo Makita DTW300 imalembedwa 330 pomanga, 580 pomasula. DTW700 ndi 700 ndi 1000. DeWalt DCF899 ndi 950 ndi 1625. Manambala omwe ndakupatsani pamwambapa ndi omangira. Poyerekeza zida ziwiri yerekezani nambala yamtundu umodzi, chifukwa wogulitsa amakonda kukuwerengerani yomasulira ya chida chake n'kuiika pambali pa yomangira ya chida cha mnzake. Bokosi likakhala ndi nambala imodzi yokha, yaikulu, popanda kunena kuti ndi ya chiyani, iduleni pakati m'mutu mwanu.

Nyundo_Kanyama
Ine sindikuvomera zapakatizo. Gulani yaikulu kamodzi. Yaikulu mukhoza kuitsitsa pa giya yoyamba, koma yaing'ono simungaiwonjezere mphamvu. Tsiku lomwe nati yakana ndi lomwe mumafuna chidacho, masiku enawo wilo sipanala ikanakwana.

Sipanala21
Walira mvula walira matope, ba Nyundo. Munthu woyamba kumene, m'manja muli 1000 Nm, bawuti ya caliper ya mutu 14 imamangidwa pa 34 Nm yokha. Kungokhudza trigger mbali yolakwika, mutu wa bawuti uli pansi, chotsala chili mkati. Kenako dirilo, kenako kukasaka bracket ku masipeya akale.

Nyundo_Kanyama
Ya 700 nayonso imathyola bawuti ya 14. Vuto ndi chala, osati chida.

MakanikaMatero
Pamenepo mwanena zoona, zonse zimathyola. Kusiyana kuli pa kukula kwa mutu ndi kulemera. Mukagona pansi pa galimoto dzanja lili m'mwamba, kilogalamu imodzi yowonjezera imamveka, ndipo chida chosalowa pamalo chilibe phindu ngakhale chikhale ndi mphamvu ya thirakitala. Nati imodzi pa chaka yomwe yapakati ingalephere, breaker bar (chogwirira soketi chachitali) ya masentimita 60 ndi payipi zimaimaliza.

Kompresa_Garden
Palibe watchula ya mpweya. Mfuti ya mpweya ya hafu inchi ndi yotchipa kuposa ya batire yamphamvu yofanana, ndi yopepuka, ilibe batire loti life pakatha zaka zingapo, ndipo ikamalandira madontho atatu kapena anayi a oyilo pakamwa pa mpweya tsiku lililonse logwira ntchito imakhala zaka zambiri. Kompresa yomweyo mupopera matayala, muuzira fumbi pa mabuleki, mupentera geti.

Waya_Chelstone
Zonsezo ndi zoona m'galaji. Pakhomo werengerani bwino. Mfutiyo imafuna 6.2 bar, yomwe ndi 90 psi, pa mfuti penipeni pamene ikumenya, osati pa geji ya thanki. Kompresa ya malita 24 imakupatsani masekondi ochepa amphamvu, kenako mpweya watsika, mota yayamba kudzaza, inu mukudikira. Payipi yopindapinda yopyapyala ija imabwera ndi kompresa imatsamwitsa mpweya, pamafunika ya mamilimita 10 mkati, ndi zolumikizira zabowo lalikulu. Muyenera kumatsegula kampopi ka pansi pa thanki kuti madzi atuluke, apo ayi madziwo amapita mu mfuti n'kuidyetsa dzimbiri. Mukaphatikiza kompresa ya malita 50, payipi ndi mfuti, mtengo wafika pa ya batire yabwino.

Ndiye pali magetsi. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atatsika ku Kariba, magetsi akumabwera maola ochepa pa tsiku, mwina pakati pa usiku. Batire mumalitchaja magetsi akabwera, m'mawa mugwira ntchito. Kompresa mudzailiza 2 koloko usiku anansi akugona?

Kompresa_Garden
Thanki imasunga mpweya. Mudzaza usiku, mugwiritsa m'mawa.

Waya_Chelstone
Thanki imodzi ya malita 24, matayala anayi, manati 20. Mudzafika tayala lachiwiri.

Kabwata_Fit
Nanga ya kukhoma ija, ya 230V? Ilibe batire, ilibe kompresa.

Waya_Chelstone
Pa ndalama zochepa ndiyo imapereka mphamvu yoona kuposa ya batire yotchipa, ndipo ikhoza kugona m'kabati chaka chonse osawonongeka. Zovuta zake: ndi yaitali, yolemera, zambiri zilibe magiya otsitsira mphamvu, ndipo imakumangirirani pamalo pomwe waya wafika. Tayala likaphulika pa Great East Road kupitirira Chongwe, ili kunyumba. Pa inverter yaing'ono ya sola musaiyese, poyamba kuzungulira mota yake imakoka magetsi ambiri kuposa olembedwa pa chizindikiro, inverter imazima. Ngati magetsi kwanu savuta ndipo ntchito yonse ndi ya pabwalo la nyumba, si yoipa.

Dzimbiri_Mtendere
Zija za 12V zolowetsa poyatsira fodya m'galimoto bwanji? Zimabwera m'kachikwama ndi masoketi awiri.

Sipanala21
Zimenezo zimazungulira kaye mkati kusonkhanitsa liwiro, kenako n'kumenya kamodzi, kudikira, kumenyanso. Pa nati ya tayala yomangidwa bwino zimagwira. Ndi chida cha pamsewu, si cha ma shock kapena hub. Ndipo poyatsira fodya pali fyuzi ya 10 kapena 15 amp, imapsa. Wogula atenge yokhala ndi zopanira za pa batire la galimoto.

Allion_Chilenje
Ndiye ya batire yapambana. Koma za 388V zija sindinamvetse. Ngati Makita ndi 18V, winayu akupeza kuti 388?

Waya_Chelstone
Akuipeza ku makina osindikizira zomata. Mkati mwa mabatirewa muli timabatire tozungulira totchedwa 18650, kalikonse 3.6V. Asanu olumikizidwa motsatana apereka 18V. Akangochoka pa tchaja kalikonse kamafika 4.2V, onse pamodzi 21V. Choncho 18V, 20V ndi 21V ndi chinthu chimodzi, kungosiyana poyezera. Kuti batire lipereke 388V pangafunike timabatire toposa 100.

Choyang'ana ndi Ah, muyezo wa magetsi omwe batire limasunga. Batire la 2.0Ah lili ndi mzere umodzi wa timabatire tisanu. La 4.0 kapena 5.0Ah lili ndi mizere iwiri, timabatire khumi. Si nkhani yokhalitsa yokha. Impact ikamamenya nati youma imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, mzere umodzi umagwa mphamvu, ndipo chida cha 700 Nm chimamenya ngati cha 400. Pa impact ya pakati tengani 4.0Ah kupita m'mwamba.

Njira yoyesera m'shopu ndi sikelo. Kabatire kamodzi ka 18650 kabwino kamalemera pafupifupi magalamu 45, khumi ndi 450, kuphatikiza chikhokho ndi kabolodi ka mkati batire loona la 5.0Ah limafika cha m'ma 600. Likalembedwa 6.0Ah koma likupepuka ngati sopo wosambira, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

AmaiWaGalaji
Ndiwonjezere pa za batire. Mukamagula impact yoyamba mukusankha banja la mabatire, chifukwa mawa mudzafuna dirilo, grinder, nyali, ndipo mudzafuna zonse zidye batire limodzi. Funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale la Nm. Mufunseni ngati batire lokha ndi tchaja yokha amagulitsa, ndipo akuonetseni pa shelefu. Makita, Bosch ndi DeWalt zili ndi mabanja awo a 18V, Ingco ili ndi lake lotchedwa P20S lomwe limapezeka m'mashopu ambiri a hardware muno. Chida chopanda dzina, batire likafa, chidacho chasanduka chotsekera chitseko.

Kwa oitanitsa kunja: tchaja zambiri zogulitsidwa ku America ndi za 120V zokha. Mukailowetsa pa 230V yathu kudzera pa adapter, imatulutsa utsi nthawi yomweyo. Werengani kumsana kwa tchaja, pakhale 220 mpaka 240V. Za ku South Africa ndi ku UK zimagwirizana ndi magetsi athu.

Ndipo batire lisagone m'buti ya galimoto mwezi wa Okutobala. Kutentha ndi kumene kumalikalambitsa msanga. Ngati silikugwira ntchito miyezi ingapo lisungeni lili ndi theka la magetsi, pamthunzi.

Dzimbiri_Mtendere
Vuto lalikulu la impact ya batire simunalitchule. Imabwerekeka. Kompresa palibe angainyamule kupita nayo ku Kalingalinga.

Sipanala21
Imabwera patatha milungu itatu, batire lili zii, soketi 19 kulibe.

Nyundo_Kanyama
Soketi 19 ndi chiyani, 10 ndiye ili ndi miyendo. Seti iliyonse mu Lusaka muno pamalo pa 10 pali bowo.

AmaiWaGalaji
Pakani penti yofiira pa zida zonse, ndipo wobwereka abwere ndi galimoto yake pakhomo panu, mumumasulire nokha. Tibwerere kwa a Chilenje, sanagulebe.

Kabwata_Fit
Funso langa lili pafupi. Impact driver ija yomangira masikuluwu a malata, ndikaiika adapter ya hafu inchi, siyingagwire ntchito yomweyi?

MakanikaMatero
Ayi. Mkati zimafanana, muli nyundo yozungulira yomwe imamenya chitsulo chotulukira kunja, koma driver ili ndi pakamwa pa makona 6 pa kota inchi, ndipo mphamvu yake nthawi zambiri sipitirira 200 Nm. Adapter ndi yopyapyala pakhosi, imadya mbali ina ya kumenyako popotoka, kenako imaduka. Pa mabawuti a 10 ndi 12 a ma cover ndi yabwino kwambiri, imafulumizitsa ntchito. Pa matayala ayi.

Pa ma drive, kukula kwa nsonga yolowa soketi: 3/8 ndi ya mu injini ndi malo opanikizika, hafu inchi ndi ya matayala ndi zapansi, 3/4 ndi ya malole. Yoyamba ikhale hafu inchi, masoketi ake ndi amene ali paliponse. Kunsonga kwake kuli mitundu iwiri. Ina ili ndi karing'i kogwira soketi, mumangokoka ndi dzanja. Ina ili ndi kapini kolowa pabowo la soketi, kuchotsa kwake mpaka mubaye ndi kamsomali. Pa galimoto, pomwe mukusintha 14, 17, 19 mphindi iliyonse, tengani ya karing'i. Ndipo ngati ndalama ikulola, ya brushless: siitentha msanga, ilibe makala oti azitha, ndipo batire limakhalitsa.

GogoTorque
Ana inu mwakamba za kumasula, za kumanga palibe wanena, pomwe ngozi ili kumeneko. Impact siidziwa 103. Imangomenya mpaka chala chichoke. Bambo a ku Chilenje, pa ndalama mwasungazo patulani ya torque wrench, sipanala yomwe imalira nati ikafika pa muyezo womwe mwaika, ya hafu inchi, yoyambira cha m'ma 40 kufika 200 kapena 210 Nm. Ngati sizikukwana zonse ziwiri, yambani ndi torque wrench ndi breaker bar, impact idikire mwezi wamawa.

Kamangidwe ka tayala ndi aka. Pukutani nkhope ya hub ndi burashi ya waya, pasakhale dzimbiri kapena mchenga pakati pa hub ndi rimu. Lowetsani nati iliyonse ndi zala, mazinga atatu kapena anayi. Ikakana ndi zala, imani, china chalakwika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako impact pa giya yotsika kwambiri, mpaka nati ingokhudza rimu, osapitirira. Tsitsani galimoto tayala ligunde pansi, malizani ndi torque wrench modumphadumpha, pa Allion ya manati asanu ngati mukujambula nyenyezi, pa Fit ya anayi mopingasa. Ikalira kamodzi basi, musabwereze. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 yesaninso onse. Mukamaliza bwezerani torque wrench pa nambala yotsika kuti sipuling'i yake isatope, ndipo musamamasulire nayo.

Nati yomangidwa mopyola imatalikitsa stud, bawuti ya pa hub yomwe natiyo imalowapo. Chitsulo chikatalika kupyola malire sichibwereranso, chimaonda pa mazinga, ndipo chidzaduka tsiku lina pa dzenje la mumsewu, osati m'galaji. Kumanga mosafanana kumakokanso disc mbali imodzi, pakapita nthawi pedulo ya buleki imayamba kugunda phazi, munthu n'kukagula disc yatsopano pomwe wolakwa anali mfuti.

Nyundo_Kanyama
Agogo, torque stick zija zamitundumitundu zimathetsa zonsezi. Muika ya 110, imapotoka yokha ikafika.

GogoTorque
Zinapangidwira mfuti ya mpweya yomenya mwa liwiro lina lake. Pa ya batire yomenya mofulumira zimalola mphamvu yopyola. Zingathandize kuti musapitirire kwambiri, koma mawu omaliza ndi a torque wrench.

Dzimbiri_Mtendere
Ine ndimati pakani girizi pa ma stud kuti asadzavute mawa. Dzinja la kuno ndi matope ake, nati youma imamera mizu.

GogoTorque
Ayi mwanawe. Nambala ya 103 ndi ya mazinga ouma. Mukapaka girizi, nati imaterera, torque wrench imalira mochedwa, stud yakokedwa kuposa muyezo ngakhale geji ikuti 103. Burashi ya waya pa mazinga yakwana. Girizi pang'ono pakani pa khosi la hub pomwe rimu imakhalira, kuti rimu ya aluminiyamu isamatirire, koma isafike pa ma stud kapena pokhala nati.

Dzimbiri_Mtendere
Anthu akhala akupaka zaka zambiri, matayala sanagwe.

Sipanala21
Ndipo ogulitsa ma stud ku msika wa Soweto sanatsekepo shopu.

AmaiWaGalaji
Masoketi. Asakunamizeni kuti seti yonyezimira ya chrome muli nayo kale ikwana. Chitsulo chake ndi cholimba koma chosapirira kumenyedwa, chimang'aluka ndipo zidutswa zimauluka. A impact ndi akuda, okhuthala, nthawi zambiri olembedwa Cr-Mo, amafewerako kotero amaphwanyika pang'onopang'ono m'malo mophulika. Tengani a makona 6, aatali, kuyambira 10 mpaka 24. Ngati muli ndi marimu a aluminiyamu okhala ndi mabowo opanikiza, pali seti ya atatu opyapyala, 17, 19 ndi 21, ovekedwa pulasitiki kunja kuti asakande rimu. Magalasi a maso valani, ndi zotseka m'makutu ngati mukumenya pansi pa galimoto, phokosolo limabwerera kwa inu.

Chinanso, poti magalimoto anu ndi Toyota ndi Honda: manati ake onse ndi M12 x 1.5, amalowana, koma pokhalira pake n'posiyana. A marimu a aluminiyamu a Toyota ali ndi washa yafulati, a Honda ndi obulungira ngati mpira, a marimu achitsulo ndi ogula pambali ambiri ndi osongoka. Mukachotsa matayala a magalimoto onse tsiku limodzi musawaike m'mbale imodzi. Nati yolakwika imagwira rimu pa kamzere kochepa, imamasuka yokha. A Nissan ndi Subaru ndi M12 x 1.25. Ndi zala nati yoteroyo imakana pa zinga lachiwiri, koma impact imailowetsa mpaka kumapeto ikudula mazinga atsopano, ndiye pomasula stud imabwera nayo.

Loko nati ija ya kiyi musaimenye ndi impact, pomasula kapena pomanga. Mano a kiyi ndi opyapyala, akasweka mwatsala ndi tayala losachoka.

Canter41
Owerenga ena ali ndi Canter kapena Dyna, ndiwachenjeze. Pa malole ambiri ochokera ku Japan, manati a matayala a kumanzere ali ndi mazinga obwerera, amamasuka mukapotera kumanja. Yang'anani kunsonga kwa stud, pali chilembo L kapena R. Nati yakunja ndi 41, yamkati ya matayala awiri a kumbuyo ili ndi mutu wa makona anayi wa 21. Munthu wosadziwa amaika impact pa reverse kumanzere n'kumadabwa kuti nati ikulimbirabe. Amenewo ndi a 3/4 kapena inchi imodzi, ya hafu inchi yapakati musaivutitse.

Sipanala21
Ba Canter, munthu ali ndi Allion.

Canter41
Lero. Mawa agula Canter yonyamula mchenga.

Kabwata_Fit
Nanga bawuti ya pulley ya crankshaft pa Honda? Ndimamva kuti ndiyo imayesa impact.

MakanikaMatero
Imadziwika ndi kuuma, inde, ndipo ngakhale impact zazikulu zimailephera ndi soketi wamba. Chomwe chimathandiza ndi soketi 19 yolemera, yokhuthala dala, yomwe imapititsa kumenya konse ku bawuti m'malo monjenjemera, kapena chida chogwira pulley ndi breaker bar yaitali. Koma Fit ili ndi tcheni, osati lamba wa timing wosinthasintha, choncho bawutiyo mwina simudzaikhudza pokhapokha seal ikadontha. Musagule impact ya makilogalamu atatu chifukwa cha bawuti imodzi.

Zomwe mwatchula a Chilenje zili ndi misampha yake, ndiitchule.

Pa hub: nati ija ili ndi khosi lomwe amalitswanyira mu kamzere ka shaft kuti isabwerere. Liwongoleni kaye ndi kachizulo kopyapyala. Mukamenya lisanawongoke, limakanda mazinga a shaft pamene likutuluka. Pobwezera ikani nati yatsopano, mangani ndi torque wrench wina ataponda buleki, kenako tswanyaninso khosi. Kuimenya ndi impact pomanga kumavulaza bearing, patapita miyezi mudzamva kulira ngati ndege.

Pa shock yakutsogolo: nati yapakati pamwamba ndiyo ikugwira sipuling'i. Isamasulidwe zopanira sipuling'i zisanagwire. Zopanirazo zimangidwe ndi dzanja, mbali iyi pang'ono, mbali iyo pang'ono. Impact imamanga mbali imodzi mofulumira, sipuling'i imapindika, chopanira chimaterera. Pa shock yatsopano musazungulitse natiyo ndi impact, ndodo yamkati imazungulira nayo n'kuwononga seal, shock imayamba kudontha isanathe chaka.

Pomwe impact isafike n'komwe: ma plug, bawuti yotulutsira oyilo, mabawuti a cylinder head, chilichonse cholowa mu aluminiyamu, ndi tima nipple totulutsira mpweya m'mabuleki.

Nati ikakana, musamenye kupitirira masekondi asanu mpaka khumi. Chida chimatentha, makona a nati amatha. Chotsani extension ngati ilipo, chifukwa iliyonse imadya mphamvu. Thirani mankhwala osungunula dzimbiri, dikirani mphindi 15, menyani pang'ono komangira kenako komasulira. Ikakanabe, breaker bar. Moto ndi womaliza, ndipo kutali ndi labala ya CV, waya wa ABS ndi payipi ya mafuta.

GogoTorque
Ndipo jeke si mpando wa galimoto. Impact imagwedeza. Ma stand awiri pansi pa malo olimba, pa simenti, mwala kuseri kwa tayala lotsala pansi. Njerwa za simenti zimasweka mosachenjeza.

Allion_Chilenje
Ndamva zonse, zikomo kwambiri akuluakulu. Mndandanda wanga tsopano: impact ya batire, brushless, hafu inchi, ya karing'i, 600 mpaka 700 Nm pomanga, batire la 4.0Ah kapena 5.0Ah la banja lopezeka muno, masoketi akuda 10 mpaka 24, atatu a marimu, torque wrench, breaker bar, ma stand awiri. Batire limodzi likwana, kapena awiri? Ndipo m'shopu ndingaiyese bwanji ndisanalipire?

Waya_Chelstone
Limodzi la 5.0Ah limakwana ntchito ya Loweruka lonse pa magalimoto awiri, impact imagwira masekondi ochepa pa nati iliyonse. Lachiwiri mudzagula ndi dirilo. Poyesa, pitani ndi galimoto. Mangani nati imodzi pa 103 ndi torque wrench, apempheni aimasule. Yapakati yoona imaichotsa ikangomenya kangapo, sekondi imodzi kapena ziwiri. Ikayamba kulimbana nayo, nambala ya pabokosi ndi yabodza. Gwedezaninso nsonga yake ndi zala, isakhale yolobodoka, yesani magiya onse ndi mbali zonse ziwiri, ndipo pa risiti alembe nambala ya chidacho ndi miyezi ya waranti.

Nyundo_Kanyama
Ndikadali pa mawu anga a yaikulu, koma mndandandawo si woipa.

MakanikaMatero
Mwaiwala soketi ya hub. Seti yanu ithera pa 24, ya Allion ndi 30, ndipo ikhale ya makona 12, yaitali, chifukwa natiyo ili ndi makona 12 ndipo ya makona 6 silowa. Ya Fit ndi ina, chotsani kachivundikiro ka pakati pa rimu muyeze musanapite ku Kamwala. Torque wrench yothera pa 210 siifika pa 216, ndiye ngati hub mudzaigwiradi, yang'anani yofika 250 kapena kupitirira.

AmaiWaGalaji
Ndi penti yofiira.